Foni yanga ikungondipatsa mafilimu amtundu umodzi, kodi ndine ndekha?

Telala_wa_ku_Chilomoni analemba:

Moni nonse. Ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina ku Chilomoni kuno ku Blantyre, ndipo zaka zanga zapitirira makumi anayi. Pali nkhani yomwe yakhala ikundisautsa mumtima kwa masabata angapo, ndiye ndati ndiitule pano poti mutu umodzi susenza denga.

Ndikamasoka, foni ndimaitsamiritsa pa chitini cha mabatani, kumanja kwa makina. Mapazi akupalasa, manja akuyendetsa nsalu, khutu lili ku filimu, diso ndimangoponyako apo ndi apo. Chaka chatha nthawi ya mayunifolomu, ntchito itachuluka moti ndinkaweruka usiku, ndinayamba kuonera mafilimu a ku Nigeria, aja a kumudzi: mfumu ndi nduna zake, mwana wa mfumu wofuna mkazi, mtsikana wamasiye wozunzidwa ndi mayi womupeza, sing'anga kuthengo. Ndinawakonda chifukwa safuna kuti uziwayang'anitsitsa. Ukhoza kuika zipi, kupinda mpendero, n'kudzutsa mutu nkhani n'kuipeza sinapite patali. Filimu ikatha, ina imayamba yokha pakangopita masekondi ochepa, ndipo nthawi imeneyo manja anga amakhala ali pa nsalu ya munthu, ndiye ndimangoisiya ipitirire.

Pano papita chaka. Ndikatsegula app yomwe ndimaonerapo, kuyambira pamwamba mpaka pansi ndi nkhope zomwezo, mikanda yofiira yomweyo, bwalo la mfumu lomwelo. Sindinkaona kuti pali vuto mpaka tsiku lomwe mwana wa achemwali anga anabwera kudzachepetsetsa thalauza. Anakhala pa benchi n'kutsegula app yomweyo pafoni yake. Ndinasuzumira. Kwake kunali mpira, magalimoto, anyamata oseketsa a ku Kenya, anthu ena akumanga nyumba ndi dothi m'nkhalango. Ndinamuonetsa yanga, iye akuti, "Malume, app ndi yomweyi, koma kwanuku kuli ngati mudzi wina." Tonse awiri palibe amene anali ataonapo zomwe mnzake amaona tsiku ndi tsiku.

Koma chomwe chinandipweteka kwenikweni chinachitika usiku wake. Ndinati ndifufuze filimu ya chimwenye, mtundu womwe ndinkaukonda kwambiri ndili mnyamata. Ndinaipeza, ndinakhala pansi bwinobwino, osasoka kanthu. Sindinathe mphindi makumi awiri. Itangofika nyimbo yoyamba, chala chinayamba kundiyabwa kuti ndidumphe, ndipo posakhalitsa ndinapezeka ndabwerera kwa mafumu anga aja. Ndinachita mantha. Sikuti foni yokha ndiyo yachepa ayi, ineyo ndachepa nayo.

Ndifotokoze chifukwa chake filimu ya chimwenye si nkhani yaing'ono kwa ine. Ndinakulira ku Ndirande. Kumeneko tinkaonera ku vidiyo sho: chipinda chamdima, mabenchi, chinsalu chakuda pakhomo, sipika panja ikukokera anthu, ndi bolodi yolembedwa ndi choko kuti filimu iti iyamba nthawi yanji. Ine ndinali wa karate basi. Zina zonse ndinkati n'zachikazi. Tsiku lina ndalipira ndalama yanga yachitsulo, karate yatha, kunja kunagwa chimvula choti sungadutse ngakhale ngalande. Mwini wake anaika tepi ya chimwenye, n'kutiuza kuti amene akufuna akhale, salipiritsa. Ndinakhala chifukwa cha mvula. Maola atatu, osamva liwu ngakhale limodzi, nthawi imeneyo kunalibe anyamata omasulira m'Chichewa ngati masiku ano. Koma ndinatuluka m'maso muli misozi, ndipo m'mutu munatsala zovala: momwe nsalu inkagwera paphewa la mkazi uja, tizingwe tagolide m'mphepete mwa malaya a mkwati, kolala yoimirira yopanda chopinda. Ndinabwererako kangapo kukangoyang'ana kasokedwe. Patapita zaka ziwiri ndinapempha atelala ena a pamsika kuti ndiziwathandiza kuika mabatani. Ntchito yomwe ikudyetsa ana anga lero inayambira pa filimu yomwe sindinaisankhe.

Ndiye ndimadzifunsa: mnyamata uja akanakhala ndi foni yomudziwa kuti ndi wa karate, sikuti ikanangomupatsa karate mpaka imvi?

Kunyumba nakonso ndi chimodzimodzi. Mayi a ana foni yawo ndi makwaya ndi maulaliki okhaokha. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 2 ndi masewero a ku Korea ndi magule a masekondi khumi. Tikatha kudya nsima aliyense amalowa m'kachipinda kake ka m'manja. Kale munthu umati ukafika pamjigo kapena pa depoti n'kutchula sewero la pawailesi la dzulo, aliyense ali ndi choyankha. Pano m'nyumba ya anthu asanu mulibe nkhani imodzi yomwe tonse taiona.

Funso langa ndi ili: kodi zinthuzi zimachepetsadi zomwe munthu amakonda, kapena ndikungokalamba? Ndipo ngati zili zoona, amene munatulukamo munatani, osataya foni?

Wa_makompyuta_Lilongwe anayankha:

Bambo, simukukalamba, ndipo simukulota. Ine ndinaphunzira za makompyuta ndipo ndimagwira ntchito yokhudza zomwezi, ndiye ndiloleni ndifotokoze momwe zimayendera.

Kumbuyo kwa app iliyonse yoonerapo kapena yomverapo nyimbo kuli dongosolo la masamu lomwe timalitchula kuti algorithm. Silikudziwani ngati munthu. Silidziwa za Ndirande, za mvula, kapena kuti ndinu telala. Limangowerenga zomwe chala chanu chachita: mwatsegula chiyani, mwakhalapo mphindi zingati, mwasiyira pati, inali nthawi yanji. Kenako limakuyerekezani ndi anthu ena mamiliyoni omwe anachita zofanana ndi zanu, n'kukupatsani zomwe iwowo anaonera pambuyo pake. Mukaonera zimenezo, limatenga ngati umboni woti linalondola, n'kuwonjezera zina zamtundu womwewo. Apo ndi pomwe bwalo limayamba kuchepa, chifukwa simungasankhe chinthu chomwe sichinaikidwe pamaso panu.

Nkhani yanu ili ndi mfundo ina yomwe mwina simunaione. Mwati filimu ina imayamba yokha manja anu ali pa nsalu. Kwa makinawo, filimu iliyonse yomwe yatha osaidula ndi voti. Ndiye kwa chaka chathunthu mwakhala mukuponya mavoti asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku, pomwe inuyo munasankhadi mwina imodzi yokha ya m'mawa. Sangasiyanitse kukonda ndi kutanganidwa.

Izi si zobisika, makampani eni ake amazinena. Mu 2006 kampani yoonetsa mafilimu ya Netflix inaika mphoto ya madola 1 miliyoni kwa aliyense amene angawonjezere ndi 10 pa 100 luso la makina ake polosera filimu yomwe munthu angaikonde, ndipo mphotoyo inaperekedwa mu 2009. Akatswiri a kampaniyo analembapo kuti pafupifupi 80 pa 100 ya maola omwe anthu amaonera amachokera ku zomwe makina awaikira patsogolo, osati zomwe afufuza okha. Ngakhale chithunzi cha filimu chimasintha malinga ndi woonera: filimu imodzi yomweyo, wokonda zachikondi amamuonetsa anthu awiri akuyang'anana, wokonda zoseketsa amamuonetsa nkhope ya woseketsa. YouTube nayo mu 2012 inasintha kawerengedwe kake, n'kuyamba kuyang'ana kwambiri nthawi yomwe munthu wakhala akuonera kusiyana ndi kuchuluka kwa odina. Mu 2018 mkulu wina wa kumeneko, Neal Mohan, ananena kuti zoposa 70 pa 100 ya nthawi yomwe anthu amaonera imachokera ku zomwe makina asankha. Ndipo Reed Hastings, mkulu wa Netflix panthawiyo, ananenapo mu 2017 kuti amene akupikisana naye kwenikweni ndi tulo.

Ndiye cholinga n'chakuti musachoke. Chinthu chachilendo chikhoza kukusangalatsani kwambiri, koma chikhozanso kukuchititsani kutseka foni. Chozolowereka sichikuthamangitsani. Zili ngati mayi wogulitsa ndiwo amene waona kuti mumagula usipa, ndiye mukamatulukira amabisa chambo, bowa ndi therere pansi pa tebulo, n'kuyala usipa wokhawokha. Sakukufunirani zoipa, akungofuna musadutse osagula.

Zoti muyesere: zimitsani kabatani kaja koti filimu ina iziyamba yokha, kamakhala pa zosintha za app. Fufutani mbiri ya zomwe mwaonera, kapena iimitseni nthawi yomwe mukusoka, kuti za kuntchito zisamawerengedwe ngati zokonda zanu. Ndipo muzilemba nokha chomwe mukufuna pamalo ofufuzira m'malo mongotola zomwe zayalidwa.

Mjoni_wa_ku_Mangochi anayankha:

Achimwene, nkhani yanu ya mvula yandikhudza, koma ndiloleni nditsutseko pang'ono.

Tisamakometse kale mopitirira. Ku vidiyo sho amene ankasankha ndi mwini tepi, ndipo ankasankha zomwe zimadzaza mabenchi. Kwathu ku Mangochi inali karate, nkhondo ndi mpira, chaka chonse. Inu munachita mwayi ndi mvula, ambiri a ife mvulayo sinatipeze. Nanga wailesi? Kwa zaka zambiri dziko lonse linali ndi MBC yokha, ndipo kunali lamulo la 1968 lomwe linapatsa bungwe la boma mphamvu yoletsa mafilimu, mabuku ndi nyimbo. Kanema wathu woyamba, TVM, anayamba mu 1999. Tonse tinkakamba nkhani imodzi pamjigo chifukwa tinkapatsidwa chinthu chimodzi. Kumeneko kunalinso kuchepa, kungoti tinkachepa limodzi.

Ine ndili ku Johannesburg zaka zisanu ndi zitatu tsopano, ndimagwira ntchito ya ulonda usiku. Usiku wina m'nyengo yozizira, June wa kuno mukumudziwa, ndinasowa kwathu koopsa, ndinalemba pafoni kuti nyimbo zakale za ku Malawi. Inandipatsa zomwe ndinkazidziwa. Koma m'mbali munabwera ina, kenako ina, mpaka ndinafika pa nyimbo za bangwe zomwe mzungu wina, Hugh Tracey, anajambula m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950. Mawu a nkhalamba ikuimba yokha, zingwe zikulira mokhala ngati agogo anga aamuna ankaimbira pakhonde. Ndinakhala m'kanyumba ka ulonda misozi ili chuchuchu. Sindinkadziwa n'komwe kuti zinthu zimenezi zilipo, ndiye sindikanazifufuza. Makina omwewo ndi amene anandifikitsako. Kuchokera apo ndamva kalindula wa ku Zambia, marrabenta a ku Mozambique, ndi zina zomwe palibe wailesi inandiimbirapo.

Ndiye ine ndimaona kuti chinthuchi chimatsata phazi lako loyamba. Ukaponda panjira yachilendo chimakutsogolera mkati, ukaima malo amodzi chimakumangira mpanda pomwepo. Komabe sindikana, masiku omwe ndatopa ndimangodina choyamba chomwe chabwera, ndipo masiku otopa ndi ambiri kuposa enawo.

Mphunzitsi_wa_ku_Dedza anayankha:

Atelala, pali chinthu chimodzi chomwe anzathu awiriwa sanatchule: mtengo wa bandulo.

Achimwene a ku Joni mwina ali ndi WiFi ya kuntchito, akhoza kusochera usiku wonse. Ine ndikagula bandulo ya sabata ndimaiwerengera ngati mchere wa kumapeto kwa mwezi. Sindingaitaye pa filimu yomwe sindikudziwa ngati ndiikonda. Ndiye ndimadina chomwe ndikutsimikiza, makina n'kuona kuti ndicho ndimafuna, mawa n'kundibweretsera chomwecho. Umphawi wathu umawathandiza kutitsekera.

Ndimaziona ndi ana a m'kalasi mwanga. Ndikawauza kuti alembe nthano yopeka, theka la kalasi limalemba za mnyamata wolemera wa kampani yaikulu yemwe wakonda mtsikana wosauka. Ana a ku Dedza, oti pakhomo pawo pali mapiri, gule wamkulu, mbatata ya kachewere ikukwezedwa m'malole usiku, ndi zojambula zakale za m'mapanga a Chongoni, koma m'nkhani zawo simupezeka ngakhale mbuzi imodzi. Si kuti ndi ana opusa ayi. Akulemba zomwe maso awo adya. Anzathu a ku Zambia ali ndi mwambi woti mwana wosayenda amatama amake kuti ndiwo odziwa kuphika. Ana awa akuoneka ngati ayenda dziko lonse, koma akudya m'mbale imodzi.

Chomwe ndinayamba kunyumba kwanga n'chakuti Loweruka madzulo timaonera chinthu chimodzi tonse, ndipo wosankha amasintha sabata iliyonse. Lamulo ndi lakuti palibe wochoka isanathe theka la ola. Wamng'ono wa zaka zisanu ndi zinayi anatisankhira za nyama za m'nyanja yamchere, ndipo bambo ake omwe ankadandaula poyamba ndi amene anafunsa mafunso ambiri.

Wagitala_wa_ku_Zomba anayankha:

Madala, ndikuuzeni mbali ya ife opanga zinthuzi, chifukwa mpandawo umatitsekera nafenso.

Ndimaimba gitala ndipo ndimaika nyimbo zanga pa intaneti. Pa ma app ena a nyimbo, nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa pokhapokha munthu akadutsa masekondi 30. Nyimbo zanga ndinkaziyamba ndi gitala yekha kwa mphindi yathunthu, momwe akuluakulu athu ankachitira, kuti womvera akhazikike kaye. Ndinaona pa ziwerengero kuti anthu akudumpha mawu asanayambe, ndipo nyimbo yodumphidwa makina saiperekanso kwa ena. Ndinadula chiyambicho. Kenako ndinaika ng'oma za amapiano poti ndizo zikuyenda. Chaka chatha ndinamvera nyimbo zanga zitatu zotsatizana ndipo sindinadzimvemo. Amayi anga anandifunsa kuti gitala uja unagulitsa kodi.

Ndiye mukamati mukungoona zofanana, dziwani kuti mbali ina n'chifukwa choti ife tayamba kupanga zofanana. Mafilimu a kuno kwathu amavutikanso chimodzimodzi. Oonera oyamba akakhala ochepa, makina amaona ngati ndi osakoma, sawaonetsa kwa ena, ndiye oonera amakhalabe ochepa. Mukapeza ya Chimalawi yomwe yakusangalatsani, ioneni mpaka kumapeto ndipo mutumizireni mnzanu pa WhatsApp. Anthu ambiri omwe amamvera nyimbo zanga zakale zija anazipeza choncho, kuchokera kwa munthu.

Telala_wa_ku_Chilomoni anayankha:

Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri.

Achemwali a makompyuta, mawu anu oti makina sasiyanitsa kukonda ndi kutanganidwa andikhala. Ndinapempha mwana wa achemwali anga uja kuti andithandize, tinazimitsa kabatani kaja koti filimu iziyamba yokha n'kufufuta mbiri yonse. Tsiku loyamba filimu itatha panangoti zii, kumangomveka makina ndi maminibasi pamsewu. Ndinapeza kuti pafupifupi ola lathunthu ladutsa ndisanaikenso china, ndipo m'ola limenelo ndinacheza ndi mnzanga wokonza nsapato yemwe timakhala khonde limodzi, munthu woti kwa miyezi tinkangopatsana moni.

Achimwene a ku Joni, mwanena zoona, ndipo sindikufuna kubwerera ku nthawi yoti munthu wina mu ofesi azitiuza zoyenera kuona. Koma pali kusiyana kumodzi komwe sindikutha kukuchotsa m'mutu. Ku vidiyo sho ndinkadziwa kuti wasankha ndi mwini tepi, ndinkamuona ndi maso, ndinkatha kumudandaulira. Pafoni ndinkakhulupirira kuti ndikusankha ndine. Nyimbo za bangwe zija ndazifufuza, ndazipeza, ndipo ndawaikira mayi anga pafoni kuti amve. Anazindikira kaimbidweko nthawi yomweyo.

Aphunzitsi, za Loweruka tayesa. Woyamba kusankha anali mwana wanga wamkazi, ndipo anatiikira sewero lake la ku Korea, la nthawi ya mafumu akale. Mphindi khumi zoyamba ndinavutika, kuwerenga mawu a pansi kwinaku chala chikufuna foni yanga. Ndinaiika m'thumba la jekete n'kupachika jeketeyo kuchitseko. Kenako ndinayamba kuona zovala. Akazi avala kajekete kafupi kothera pachifuwa, komangidwa ndi riboni imodzi yaitali mbali imodzi, siketi yake yoyambira pamwamba n'kutambasuka mpaka pansi popanda kuonetsa chiuno. Ndinamuuza mwanayo kuti aimitse kaye, ndinatenga pensulo ndi kope langa la miyeso n'kujambula kolala yake. Iye anadabwa, akuti, "Adadi, mukufuna musoke?" Ndamuuza kuti ndiyesa ndi chitenje chomwe chinatsala pa ukwati wa mwezi watha, ndipo wati akufuna chikhale chake.

Sabata ino wosankha ndine. Ndikufuna ndiwaonetse filimu ya chimwenye, ya maola atatu, nyimbo zonse osadumpha. Aphunzitsi, bandulo yake ndayamba kale kusungira. Amene mukudziwa yabwino yakale, ya ukwati ndi zovala zambiri, nditchulireni, ndikufuna ndiimve kwa munthu.